Chuma ndi chiopsezo cha kusintha kwa nyengo

Chuma ndi chiopsezo cha kusintha kwa nyengo ndi mutu wa kafukufuku umene umaunika chifukwa chake chilala, namondwe, madzi osefukira kapena kutentha koopsa sizipweteka anthu mofanana, ngakhale anthuwo akhale m'dera limodzi. Akatswiri a za nyengo, za chuma ndi za chikhalidwe cha anthu apeza kuti ngozi ikagwa, olemera ndiwo amataya katundu wa ndalama zambiri, koma osauka ndiwo amafa kwambiri, amataya gawo lalikulu la zochepa zimene ali nazo, ndiponso amachedwa kubwerera mwakale. Komabe kuchuluka kwa chuma cha dziko pakokha sikufotokoza zonse. Dziko la Bangladesh linachepetsa kwambiri imfa zobwera ndi namondwe lidakali losauka, pamene dziko la United States, lachuma chambiri kuposa mayiko onse, linalephera kupulumutsa anthu osauka a mumzinda wa New Orleans mu 2005.

Tanthauzo la mawu

Bungwe la akatswiri a za nyengo la IPCC, limene linakhazikitsidwa mu 1988, limagawa chiopsezo patatu. Mbali yoyamba ndi ngozi yeniyeniyo, monga mvula yamkuntho kapena ng'amba. Yachiwiri ndi kupezeka kwa anthu ndi katundu wawo pamalo pamene ngoziyo ikudutsa, popeza namondwe woomba pachilumba chopanda anthu sapha munthu. Yachitatu ndi kusatetezeka, kutanthauza zofooka zimene zimachititsa kuti munthu apwetekeke kwambiri ngozi ikamupeza, komanso kusowa mphamvu zodzukiranso. Kusintha kwa nyengo kumakulitsa mbali yoyamba. Mbali ziwiri zinazo zimachokera kwa anthu eniake: kumene amanga nyumba, zipangizo zimene amangira, ntchito imene amadalira, ndiponso ngati akuluakulu amawamvera akadandaula.

Kusinthira ku nyengo ndi zonse zimene mabanja ndi maboma amachita kuti zotsatira za kusintha kwa nyengo zisawapweteke kwambiri, monga kubzala mbewu zocha msanga, ulimi wamthirira, kumanga makoma otchinga madzi kapena kusamutsa midzi. N'zosiyana ndi ntchito yochepetsa mpweya wotenthetsa dziko, imene cholinga chake n'kuletsa kuti vutolo lisakule.

Pa mutu umenewu, mawu akuti chuma satanthauza ndalama zokha. Amaphatikiza munda, ziweto, nyumba, maphunziro, thanzi, abale amene angathandize, ndi misewu, zipatala komanso maofesi a boma amene akugwira ntchito. Lipoti la IPCC la 2022 linati anthu pakati pa 3.3 biliyoni ndi 3.6 biliyoni amakhala m'madera osatetezeka kwambiri, ndipo kuti pakati pa 2010 ndi 2020 imfa zobwera ndi madzi osefukira, chilala ndi anamondwe m'madera amenewa zinaposa maulendo 15 za m'madera otetezeka bwino.

Banja losauka ndi banja lolemera

Kusiyana kumayambira pa malo. M'mizinda yambiri, malo otsika mtengo ndi amene ena onse anawakana: m'mbali mwa mitsinje, m'madambo ndi motsetsereka mwa mapiri. Banja limene langofika m'tauni limadziwa kuti malowo ndi oopsa, koma ndi okhawo amene lingakwanitse pafupi ndi kumene kuli ntchito. Nyumba yake imakhala ya zidina zosawotcha kapena njerwa zomangira dothi, yopanda maziko olimba, ndipo mvula ya masiku atatu imaigwetsa pamene nyumba ya simenti yoyandikana nayo yangonyowa khoma.

Kasungidwe ka chuma nakonso n'kosiyana. Wolemera chuma chake chimakhala chomwazikana: china ku banki, china m'bizinesi, china m'nyumba za lendi m'dera lina, mwinanso ali ndi inshulansi. Wosauka chuma chake chonse chili pakhomo, ndicho mbuzi, nkhuku, chimanga cha m'nkhokwe, njinga ndi ziwiya. Madzi amatenga zonsezi usiku umodzi, koma ndalama za ku banki sizikokoloka. Ntchito ya wosauka nayonso imadalira nyengo mwachindunji, monga ulimi wodalira mvula, usodzi kapena ganyu, pamene wolandira malipiro a pamwezi amalandirabe mvula ikadula.

Mbali yowawa kwambiri imabwera ngozi itadutsa. Mabanja osauka m'mayiko ambiri amagwiritsa ntchito ndalama zoposa theka la zimene amapeza pogula chakudya, choncho mtengo wa chimanga kapena mpunga ukakwera alibe poti angachepetse. Amayamba kugulitsa ziweto, koma popeza mudzi wonse ukugulitsa nthawi imodzi, mtengo wa mbuzi umagwa pamene wa chimanga ukukwera. Amene amagula mbuzizo motchipa ndi amene anali ndi ndalama kale, kotero chaka cha njala chimasamutsa katundu kuchoka kwa osauka kupita kwa opezako bwino. Ena amapita kukagwira ganyu m'minda ya anzawo pa nthawi yoti azipalira yawo, ndipo zokolola za chaka chotsatira zimachepanso. Ena amatenga katapila. Ana amasiya sukulu, ndipo atsikana amakwatiwitsidwa msanga kuti pakhomo pachepe pakamwa podyetsa.

Akatswiri amene anatsatira mabanja a ku Honduras pambuyo pa namondwe wa Mitch wa 1998, komanso a ku Ethiopia pa chilala cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anapeza kuti ngoziyo inakhudza mabanja a mitundu yonse, koma opezako bwino anabwezeretsa katundu wawo msanga pamene osaukitsitsa anavutika nthawi yaitali. Kafukufuku wina wa ku Zimbabwe anatsatira ana amene anali aang'ono pa chilala cha 1982 mpaka 1984. Amene anapinimbira chifukwa chosowa zakudya anakula ali aafupi msinkhu ndipo anaphunzira makalasi ochepa kuposa anzawo. Chilala cha zaka zochepa chinawatsata mpaka kukula.

Maganizo ambiri a pa mutuwu anachokera kwa Amartya Sen, katswiri wa za chuma wa ku India amene analandira mphoto ya Nobel mu 1998. M'buku lake la 1981 lotchedwa Poverty and Famines, Sen anaunika njala ya ku Bengal ya 1943 imene inapha anthu pakati pa 2 miliyoni ndi 3 miliyoni. Iye anaonetsa kuti chakudya chinalipo ndithu m'chigawocho, koma mitengo inakwera moti aganyu opanda minda, asodzi ndi amisiri analephera kugula. Njala imeneyi siinabwere ndi kusintha kwa nyengo kwa masiku ano, koma funso la Sen ndi limene ofufuza amafunsabe: osati kuchuluka kwa zimene zawonongeka, koma ndani amene wataya njira yopezera chakudya.

Funso limeneli limasintha ngakhale kawerengedwe ka zowonongeka. Nyumba imodzi ya munthu wolemera ikagwa, mtengo wake ukhoza kuposa wa nyumba zonse za m'mudzi wathunthu, choncho malipoti owerengera madola okha amaonetsa ngati ngozi zimapweteka kwambiri madera olemera. Ndipo boma likamasankha komanga khoma lotchinga madzi potengera mtengo wa katundu amene atetezedwe, khomalo limapita kwa olemera nthawi zonse. Lipoti la World Bank lotchedwa Unbreakable linayesa kukonza zimenezi. Linati ngozi zachilengedwe zimawononga katundu wa madola pafupifupi 300 biliyoni pachaka, koma powerengera mmene zimatsitsira moyo wa anthu, chiwerengerocho chimafika madola 520 biliyoni, ndipo anthu pafupifupi 26 miliyoni amagwera mu umphawi chaka chilichonse.

Kusiyana pakati pa mayiko

Dziko la Netherlands ndi chitsanzo cha zimene chuma chingagule. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a dzikoli lili m'munsi poyerekeza ndi nyanja. Usiku wa pa 31 Januwale 1953 nyanja inaswa makoma ndi kupha anthu oposa 1,800. Boma linayambitsa ntchito ya Delta Works, yomanga madamu ndi zitseko zikuluzikulu zotsekera nyanja, imene inatenga zaka zoposa 40. Chitseko cha Maeslantkering choteteza doko la Rotterdam chinatha mu 1997. Kuchokera mu 1953 dzikoli silinaonenso ngozi ya madzi yofanana ndi imeneyo.

Mayiko aang'ono kapena osauka alibe mwayi wotere, ndipo ngozi imodzi ikhoza kumeza chuma cha dziko lonse. Namondwe wa Maria wa 2017 anawononga zinthu pachilumba cha Dominica za mtengo woposa kawiri chuma chonse chimene dzikolo limapanga pachaka. Madzi osefukira a ku Pakistan a 2022 anakhudza anthu 33 miliyoni, anapha oposa 1,700, ndipo zowonongeka zinafika madola pafupifupi 30 biliyoni pa nthawi imene dzikolo linali kale pa mavuto a ngongole.

Bangladesh

Dziko la Bangladesh lili kumapeto kwa nyanja ya Bay of Bengal, imene ndi yosaya ndiponso imapanikizika chakumpoto. Namondwe akaomba amakankhira madzi a m'nyanja kumtunda, kudera lathyathyathya lokhala anthu ochuluka. Mu Novembala 1970, derali lidakali mbali ya dziko la Pakistan, namondwe wa Bhola anapha anthu osachepera 300,000. Chenjezo silinafike kwa anthu ambiri, ndipo boma linachedwa ndi thandizo. Mkwiyo wa anthu pa nkhaniyi unali chimodzi mwa zimene zinakolezera nkhondo yomenyera ufulu ya 1971.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, boma latsopano pamodzi ndi bungwe limene lero limatchedwa Bangladesh Red Crescent anakhazikitsa ndondomeko ya Cyclone Preparedness Programme. Maziko ake ndi anthu ongodzipereka a m'midzi momwemo, amene lero alipo masauzande ambiri. Uthenga ukachokera ku nthambi yoona za nyengo, iwo amakweza mbendera zochenjeza ndi kuzungulira m'midzi pa njinga kapena wapansi akulengeza pa zimkuzamawu. Boma ndi mabungwe anamanganso nyumba zothawirako za konkire zoimikidwa pa zipilala zazitali, zimene masiku wamba zimakhala sukulu.

Zinthu sizinasinthe nthawi yomweyo. Mu Epulo 1991 namondwe wina anaomba dera la Chittagong ndi kupha anthu pafupifupi 138,000. Nyumba zothawirako zinali zochepa, ndipo ambiri mwa amene anamva chenjezo sanachoke pakhomo. Zifukwa zake zinali za umphawi ndi chikhalidwe. Mabanja ankaopa kusiya ng'ombe zawo, zomwe zinali chuma chawo chonse, komanso ankaopa akuba. Amayi anafa ochuluka kwambiri kuposa abambo: ambiri anatsalira ndi ana pakhomo kudikira amuna awo, sanaphunzitsidwe kusambira, zovala zawo zazitali zinkawakola m'madzi, ndipo ankachita manyazi kukapanikizana ndi amuna achilendo m'chipinda chimodzi. Pambuyo pake dzikolo linawonjezera nyumba zothawirako, linalemba amayi ambiri m'gulu la ochenjeza, ndipo linaunjika zitunda zadothi zokwezerapo ziweto kuti mlimi asachite kusankha pakati pa moyo wake ndi ng'ombe yake.

Namondwe wa Sidr wa mu Novembala 2007 anali wamphamvu kwambiri, koma anapha anthu pafupifupi 3,400. Patangopita miyezi isanu ndi umodzi, namondwe wa Nargis anaomba dziko loyandikana nalo la Myanmar, kumene kunalibe dongosolo lotere ndipo boma la asilikali linachedwetsa thandizo lochokera kunja. Anthu pafupifupi 138,000 anafa kapena kusowa. Mayiko awiriwa onse anali osauka pa nthawiyo. Mu Meyi 2020, pa namondwe wa Amphan, dziko la Bangladesh linasamutsa anthu oposa 2 miliyoni mkati mwa mliri wa Covid-19, ndipo amene anafa m'dzikolo sanafike 50. Dziko la Cuba nalonso limatchulidwa kawirikawiri pa nkhani yosamutsa anthu mwadongosolo ndi ndalama zochepa.

Nkhani ya Bangladesh ili ndi malire ake. Kupulumutsa moyo n'kotsika mtengo poyerekeza ndi kupulumutsa zimene munthu amadalira pa moyo wake. Namondwe wa Aila wa 2009 sanaphe anthu ambiri, koma anaswa makoma otchinga madzi m'maboma a Khulna ndi Satkhira, ndipo madzi amchere anapitiriza kulowa m'midzi ina kwa nthawi yoposa chaka. Minda ya mpunga inafa ndi mchere. Mabanja ambiri amene anapulumuka anasamukira kumizinda, kumene anakakhala m'malo ena osatetezeka.

New Orleans ndi Chicago

Namondwe wa Katrina anafika pa 29 Ogasiti 2005. Makoma otchinga madzi amene anamangidwa ndi nthambi ya zomangamanga ya asilikali a United States anasweka m'malo ambiri, ndipo pafupifupi 80 peresenti ya mzinda wa New Orleans inamira. Anthu oposa 1,300 anafa, ndipo katundu wa madola pafupifupi 125 biliyoni anawonongeka.

Chenjezo linalipo, ndipo meya Ray Nagin analamula tsiku limodzi namondweyo asanafike kuti aliyense achoke mumzindawo. Koma dongosolo lothawa linadalira kuti munthu ali ndi galimoto, ndalama ya mafuta ndi ya malo ogona. Anthu oposa 100,000 a mumzindawo ankakhala m'mabanja opanda galimoto, ndipo kunali kumapeto kwa mwezi, ambiri asanalandire. Masauzande anathawira m'bwalo la masewero la Superdome kumene anakhala masiku angapo movutika. Pafupifupi theka la amene anafa m'chigawo cha Louisiana anali okalamba a zaka 75 kapena kuposerapo.

Thandizo lomangiranso nyumba linakulitsa kusiyanako. Ndondomeko ya Road Home inkapereka ndalama potengera mtengo umene nyumba inali nawo pamsika namondwe asanabwere. Nyumba za m'madera a anthu akuda monga Lower Ninth Ward zinali zotsika mtengo pamsika, chikhalirecho simenti ndi matabwa zimagulidwa mtengo umodzi kulikonse. Nkhaniyi inakafika kukhoti ndipo mbali ziwirizo zinagwirizana mu 2011. Patatha zaka khumi chichitikireni ngoziyo, chiwerengero cha anthu akuda mumzindawo chinali chotsikabe ndi pafupifupi 100,000.

Mzinda wa Chicago unaonetsa mbali ina. Kutentha koopsa kwa mu Julayi 1995 kunapha anthu oposa 700 pa sabata imodzi, ambiri mwa iwo okalamba osauka okhala okha. Eric Klinenberg, amene anafufuza imfazi, anayerekeza madera awiri oyandikana komanso osauka, North Lawndale ndi South Lawndale, ndipo anapeza kuti imfa m'dera loyambalo zinaposa pafupifupi kakhumi za m'dera linalo. Ku North Lawndale mashopu anali atatsekedwa, nyumba zambiri zinali mabwinja, ndipo okalamba ankadzitsekera m'nyumba poopa zigawenga. Ku South Lawndale misewu inali yodzaza anthu, okalamba ankatuluka kukakhala m'mashopu ozizira, ndipo wina akapanda kuoneka anzake ankamufunafuna. Ubale wa anthu oyandikana ndi chuma chimene sichilembedwa m'mabuku a boma.

Kudziteteza kwa ena kukapweteka ena

Si njira iliyonse yosinthira ku nyengo imene imathandiza anthu onse. Khoma loteteza dera limodzi limakankhira madzi kudera lina, ndipo kawirikawiri dera linalo ndi la anthu opanda mawu. Kumwera chakumadzulo kwa Bangladesh, anthu a ndalama anasandutsa minda kukhala maiwe oweteramo nkhanu za m'nyanja zogulitsa kunja, ulimi umene umayenda bwino m'madzi amchere. Kwa iwo kunali kusinthira ku nyengo kopindulitsa, koma mcherewo unalowa m'minda ndi m'zitsime za alimi ang'onoang'ono, ndipo ntchito za aganyu zinachepa.

Pa chilala cha 2015 mpaka 2018 mumzinda wa Cape Town ku South Africa, akuluakulu a mzindawo analamula kuyambira mu Febuluwale 2018 kuti munthu asapitirire malita 50 a madzi patsiku. Mabanja olemera anakumba mijigo yawoyawo ndi kugula mathanki, zimene zinatapa madzi a pansi pa nthaka amene ndi a onse. Kwa ambiri a m'zisakasa za ku Khayelitsha, amene amatunga pampopi wa gulu, malita 50 sichinali chilango chachilendo, chifukwa ndi mmene ankakhalira kale. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2023 anapeza kuti mabanja olemera ndi opeza bwino, amene safika 14 peresenti ya anthu a mumzindawo, ankagwiritsa ntchito madzi oposa theka, ambiri mwa iwo pothirira maluwa ndi kudzaza maiwe osambiramo.

Ku Malawi

Ku Malawi anthu ambiri amadalira ulimi wa mvula ya dzinja limodzi, ndipo chimanga, chomwe ndi chakudya chodalirika, sichipirira ng'amba ikagwa pa nthawi ya ngayaye. Ngozi zakhala zikubwera motsatizana: madzi osefukira a mu Januwale 2015, chilala cha 2016 chimene chinasiya anthu oposa 6 miliyoni akufuna thandizo la chakudya, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana ndi wa Gombe mu 2022, wa Freddy mu 2023, ndi ng'amba ya El Niño imene inachititsa Pulezidenti Lazarus Chakwera kulengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi. Kutsatizanaku n'kofunika kuposa kukula kwa ngozi iliyonse payokha, chifukwa banja limene linagulitsa mbuzi chaka chatha lilibe chogulitsa chaka chino.

Namondwe wa Freddy, amene anakhala masiku 36 ndipo bungwe la za nyengo padziko lonse la WMO linamuzindikira kuti ndiye wokhalitsa kuposa onse olembedwa, anagwetsa mvula yoopsa m'chigawo cha kumwera pakati pa mwezi wa Malichi 2023. Anthu amene anafa pamodzi ndi amene anasowa anaposa 1,000, ndipo oposa 650,000 anasowa pokhala. Boma linawerengera zowonongeka zoposa madola 500 miliyoni. Mumzinda wa Blantyre mvula inagwa ponseponse, koma imfa zambiri zinachitika m'madera monga Chilobwe ndi Manja, kumene matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba zomangidwa motsetsereka. Khonsolo ya mzindawu inali itachenjezapo kale za kumanga m'phirimo. Chenjezo lotere silithandiza kwenikweni munthu amene sangakwanitse puloti yovomerezeka kapena lendi ya kwina. Kudulidwa kwa mitengo m'mapiri, kumene kunafooketsa nthaka, nakonso kumagwirizana ndi umphawi, popeza mabanja ambiri a m'tauni amaphikira makala ndi nkhuni, ndipo owotcha makala ambiri alibe ntchito ina.

Kuchigwa cha Shire, m'maboma a Nsanje ndi Chikwawa, boma lakhala likupempha anthu a m'madera monga Makhanga kuti asamukire kumtunda. Ena anasamuka, ena amabwerera madzi akaphwa, ndipo kawirikawiri amanenedwa kuti ndi osamva. Koma kumadzi n'kumene kuli madimba a chonde olima kawiri pachaka ndi nsomba, pamene kumtunda munthu amapatsidwa malo omangapo nyumba popanda munda wokwanira, pa nthaka ya mfumu ina. Banja lotere limayerekeza chigumula chimene mwina chibwera ndi njala imene ibwera ndithu.

Umphawi wa dziko umaonekeranso pa zinthu za onse. Namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo dziko linakhala chaka chathunthu ndi miyezi likusowa pafupifupi mamegawati 130. Makampani ndi mabanja opeza bwino anagula majenereta ndi masola, pamene ometa tsitsi, owotcherera zitsulo ndi a zigayo anangokhala. Akatswiri a World Weather Attribution amene anaunika anamondwe a kumayambiriro kwa 2022 anapeza kuti kusintha kwa nyengo kunawonjezera mvula yake, koma analephera kunena kuti kunawonjezera ndi mlingo wotani chifukwa malo oyezera nyengo okhala ndi mbiri yaitali ndi ochepa m'chigawochi.

Njira zimene zathandizako osauka ndi monga ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo imapereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa, magulu a banki m'khonde, ndi makomiti a m'midzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi amene amagwira ntchito ndi nthambi ya DoDMA. Ubwino wa ndalama zofika msanga ndi woti banja siligulitsa ziweto kapena malata. Inshulansi nayo inayesedwa. Boma linagula inshulansi ya chilala ya nyengo ya 2015/16 ku African Risk Capacity ndi madola pafupifupi 5 miliyoni. Chilala chitagwa, kompyuta ya bungwelo inaonetsa kuti okhudzidwa ndi ochepa moti panalibe cholipira. Pambuyo pake zinadziwika kuti mawerengedwewo anatengera mtundu wa chimanga chochedwa kucha, pamene alimi ambiri anali atabzala chocha msanga. Bungwelo linalipira madola 8.1 miliyoni mu Januwale 2017, miyezi yambiri boma litalengeza kale za ngoziyo, pamene ntchito yonse yothandiza anthu inkafuna madola pafupifupi 395 miliyoni.

Ndalama zochokera kumayiko olemera

Mayiko onse a mu Africa amatulutsa mpweya wosafika 4 peresenti ya mpweya wa kaboni umene dziko lapansi limatulutsa pachaka. Bungwe la Oxfam linawerengera kuti mu 2019 munthu mmodzi mwa anthu 100 alionse, wolemera kwambiri, pamodzi ndi anzake a m'gulu limenelo anatulutsa mpweya wofanana ndi wa anthu 5 biliyoni osauka. N'chifukwa chake mayiko osauka amaumirira kuti ndalama zosinthira ku nyengo si mphatso koma ngongole imene oyambitsa vutolo ayenera kubweza.

Pamsonkhano wa ku Copenhagen mu 2009, mayiko olemera analonjeza madola 100 biliyoni pachaka pofika 2020. Bungwe la OECD linati lonjezolo linakwaniritsidwa mu 2022, mochedwa ndi zaka ziwiri, ndipo gawo lalikulu linapita ku ntchito zochepetsa mpweya, osati zosinthira ku nyengo. Bungwe la UNEP linati mu lipoti lake la 2023 mayiko osauka akufunika madola pakati pa 215 biliyoni ndi 387 biliyoni pachaka pa ntchito yosinthira ku nyengo, pamene zimene analandira kuchokera kumaboma akunja mu 2021 zinali madola 21 biliyoni. Thumba lolipira zowonongeka linavomerezedwa ku Sharm el-Sheikh mu 2022, ndipo malonjezo oyamba ku Dubai mu 2023 anali madola pafupifupi 700 miliyoni, ndalama zongofanana ndi zimene Malawi yekha ankafuna kuti akonze zimene Freddy anawononga. Ku Baku mu 2024 mayiko anagwirizana za madola 300 biliyoni pachaka pofika 2035, ndipo nthumwi zambiri za mayiko osauka zinati n'zochepa.

Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ndalama zimene maboma olemera ndi mabanki awo amapereka zimabwera ngati ngongole. Namondwe wa Idai atawononga mzinda wa Beira mu Malichi 2019, dziko la Mozambique linawerengera kuti likufunika madola 3.2 biliyoni kuti likonze zimene Idai ndi Kenneth anawononga. Pamsonkhano wa opereka thandizo umene unachitikira ku Beira komweko, malonjezo anafika madola 1.2 biliyoni. Ndalama zina zimene zinafika msanga zinali madola 118 miliyoni ochokera ku IMF, ndipo zinali ngongole yoti dzikolo lidzabweze.